Kujambula nkhani za agogo amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique: tiyambire pati?

Nachisale, Area 25

Moni nonse. Kuno ku Area 25 ndi ku Mgona kuli agogo angapo amene anthu amawadziwa kuti ndi a ku Dedza kapena ku Ntcheu, koma mchombo wawo uli ku Angonia ndi ku Tsangano. Anawoloka malire m'zaka za m'ma 1980 pothawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, ena mwana ali kumbuyo, ena atasiya mwamuna kapena mayi awo tsidya lija osadzawaonanso. Adzukulu awo akufuna kuti nkhanizi zijambulidwe ndi kulembedwa eniake adakali moyo. Koma ukangoti "agogo, tatiuzeni za nkhondo," iwo amati "zinali zovuta mwanawe," basi yathera pomwepo. Ena amayamba kulira, wofunsa n'kuchita mantha n'kusiya. Tiyambire pati? Foni ndi yokwanira kapena pakufunika chipangizo china? Nanga zojambulazo tisunge bwanji kuti zisadzatayike? Zikomo.

Bambo Mbewe, Kawale

Mayi Nachisale, funso limene mukuyambiralo ndi limene likuwatseka pakamwa agogowo. Nkhondo ndi chinthu chachikulu, munthu sadziwa kuti achigwire pati. Ndiponso m'mitima mwawo sinakhalemo monga imalembedwera m'mabuku, Renamo uku Frelimo uku. Inakhalamo ngati mlongo wawo amene anapita kudimba osabwerako, ngati mphika wa nyemba umene anausiya pamoto. Funsani za anthu awo. Gogo amene safuna kutchula mfuti amatha ola lathunthu akukamba za mayi ake, ndipo nkhondo imadzalowera khomo lomwelo yokha.

Konzani maulendo anayi kwa gogo mmodzi, motalikirana sabata imodzi kapena kuposerapo. Ulendo woyamba musajambule kalikonse. Pitani ndi kashuga kapena sopo monga timachitira pokaona akuluakulu, fotokozani cholinga chanu, kenaka tulutsani pepala lalikulu mulembe nawo mndandanda wa mbumba yawo: makolo, agogo, amalume, abale a bere limodzi motsatana ndi kubadwa kwawo, mfunda wa aliyense, mudzi ndi mfumu yake. Pa dzina lililonse funsani kuti ali kuti. Pamene ayankhe msanga, munthuyo ali moyo kapena anaikidwa m'manda bwinobwino, maliro ake anawalira. Pamene azengereze, kapena ayambe kukonza mpango kumutu, ikani kadontho ndi pensulo n'kupitirira. Musakumbe tsiku limenelo. Maina a timadontho amenewo ndi amene mudzabwerere.

Ulendo wachiwiri ukhale wa moyo nkhondo isanafike. Ankalima chiyani, kachewere kapena tirigu wa ku Tsangano? Mchere ankagula kuti? Anakumana bwanji ndi amuna awo, ankhoswe anali ndani? Pamtondo ankaimba nyimbo iti? Anthu ambiri amalumpha gawo ili pothamangira zoopsa, ndipo kumeneko n'kulakwitsa kwenikweni. Mdzukulu amene adzawerenge sangamve chisoni ndi imfa ya munthu amene sanamuone akuseka, akukwiya, akugawa ndiwo. Mukadziwa kuti mlongo uja ankakonda kuimba likhweru pobwera kudimba, tsiku limene likhweru silinamveke lidzamveka kwa aliyense.

Ulendo wachitatu ndi wa kuthawa, ndipo mafunso akhale aang'onoang'ono, oti munthu akhoza kuyankha ndi maso a m'mutu. Munanyamuka usiku kapena m'bandakucha? Pamutu munasenza chiyani? Ndani anabereka mwana uti? Mwana akalira kutchire mumamutonthoza bwanji? Amene anakupatsani madzi mutawoloka anali ndani? Funso lakuti "munamva bwanji" silitulutsa kanthu, yankho lake limakhala "zinandiwawa" basi. Ndipo funso lililonse loyamba ndi "bwanji simuna" lipeweni konse. Bwanji simunabwerere kukawatenga, bwanji simunathawe msanga: amenewo ndi mafunso amene gogoyo wakhala akudzifunsa yekha usiku kwa zaka zoposa 30, ndipo akawamva pakamwa pa mdzukulu amakhala ngati mlandu.

Wachinayi ndi wa moyo wa kuno: khadi la chakudya, amene anawabwereka munda, chimene chinachititsa kuti atsale pamene anzawo ankabwerera. Funsaninso za maina a ana obadwa nthawi imeneyo. Mavuto, Masautso, Tilimbike, Chikumbutso, maina otere sankaperekedwa mwangozi. Funsani amene anatcha dzinalo ndi chimene ankatanthauza.

Ndondomeko imeneyi, ya kale, pakati ndi pambuyo, ndi imene anatsata a USC Shoah Foundation, bungwe limene linayamba mu 1994 n'kujambula maumboni oposa 50,000 a anthu opulumuka ku nkhanza za chipani cha Nazi, ambiri mwa iwo Ayuda. Pomaliza ankapempha munthuyo kuonetsa zithunzi za abale ake n'kuwatchula maina, ndipo ana ndi adzukulu ankabwera kudzakhala pambali pake. Tengeraniko zimenezo. Musamusiye gogo ali m'tchire la 1986, mufikitseni pakhonde pamene pali adzukulu ake.

Chomaliza, akakhala chete inunso khalani chete. Werengani chamumtima mpaka 20. Mawu ofunika kwambiri amabwera pambuyo pa chete ameneyo, ndipo achinyamata ambiri amawapha ndi funso lina.

Gama, Biwi

Achemwali, foni ndi yokwanira. Chimene chimawononga ntchito ndi malo ndi kasungidwe, osati chipangizo.

Ikani foni pa airplane mode musanayambe, chifukwa munthu akaimba, mapulogalamu ambiri amadula kujambula ndipo mudzazindikira nkhani itatha. Musaigwire m'manja, zala zimamveka kukhwekhwereza. Pindani chitenje kanayi, chiikeni pampando kapena patebulo, foni pamwamba, kumunsi kwake kumene kuli maikolofoni kuloze kwa gogo. Italikirane ndi pakamwa pawo ngati rula ya kusukulu, masentimita 30, isapitirire 50. Jambulani theka la mphindi moyeserera, mumvetsere ndi mahedifoni, kenaka muyambe zenizeni.

Chipinda chabwino ndi chimene muli makatani, mipando ya nsalu kapena matiresi. Pabalaza popanda katundu, pansi pa simenti, mawu amabwerera ngati muli m'tchalitchi chopanda anthu. Zimitsani wailesi ndi fani, khalani kutali ndi firiji. Nyengo ya mvula musayese n'komwe m'nyumba ya malata yopanda siling'i, palibe pulogalamu imene idzachotse phokoso limenelo osawononga mawu. Tambala mmodzi kunja alibe vuto, chigayo chapafupi ndiye mdani.

Poyamba kujambula kulikonse nenani nokha tsiku, malo, dzina la gogo, dzina lanu ndi ulendo wachingati, kenaka gogo anene ndi pakamwa pawo kuti avomera. Dzina la fayilo likhoza kusinthidwa kapena kusokonekera, koma mawu amenewa amayenda ndi fayiloyo kulikonse.

Ngati pulogalamu yanu yojambulira ili ndi WAV, mtundu wa fayilo umene umasunga mawu osawapanikiza, sankhani imeneyo, 44.1 kHz, mono. Ola limodzi limadya pafupifupi 320 MB, choncho maulendo atatu ojambula sakwana n'komwe 1 GB. Pogawira abale pangani MP3 ya 128 kbps, imene ola limodzi ndi pafupifupi 60 MB, koma WAV ija musaifufute. Vidiyo ya ola lathunthu imadya ma GB angapo, imatenthetsa foni, ndipo gogo akaona kamera amayamba kuyankhula ngati ali pamsonkhano. Jambulani mawu okha pa nkhani yaitali, vidiyo ya mphindi 10 ikhale ya nyimbo, zithunzi ndi katundu amene anawoloka naye. Pamenepo foni igone chopingasa, zenera likhale kumbuyo kwa inu wojambula, osati kumbuyo kwa gogo, apo ayi nkhope idzangoda bii.

Tsiku lomwelo pangani makope atatu: pa kompyuta, pa fulashi kapena memory card imene ikakhale kunyumba ina, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, yokwana maola oposa 40 a WAV yoteroyo ngati simunadzazemo zina. Mafayilo muwatche motere: chaka, mwezi, tsiku, dzina, ulendo. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document kuti fayilo ifike mmene ilili, koma WhatsApp si nkhokwe, foni ikabedwa m'minibasi kapena nambala ikasintha zinthu zimapita. Fulashi ya mbiri isalowe m'makompyuta a kolowetsa nyimbo ndi mafilimu kumsika, mavairasi ake amabisa mafayilo. Kamodzi pachaka tsegulani makope onse mumvetsere pang'ono, chifukwa fulashi yongokhala m'sutikesi zaka zambiri imatha kufa mwakachetechete.

Zithunzi, makhadi a ubatizo, makhadi a chakudya ndi makalata musawachite lamineti. Kutentha ndi guluu zimalowerera m'pepala ndipo simungazichotsenso. Chitani sikani pa 600 dpi, mbali zonse ziwiri, chifukwa kumbuyo n'kumene kumakhala dzina la studio kapena tsiku. Ngati palibe sikana, jambulani ndi foni pamthunzi panja, popanda fulashi ya kamera. Maina lembani kumbuyo ndi pensulo yofewa, bolopeni imadinda ndipo inki yake imadutsa. Sungani mu envulopu ya pepala m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma. M'jumbo mumasunga chinyezi, zithunzi zimamatana n'kuchita chuku, ndipo pansi pa bedi ndi pa njira ya chiswe.

Mayi Nangozo, Likuni

A Mbewe ndi a Gama anena bwino. Ine ndiikepo za gogo mwiniwake, chifukwa ntchitoyi ikhoza kumupweteka ngati ofunsa aika mtima pa nkhani kuposa pa munthu.

Kulira si chizindikiro chakuti mwalakwitsa. Munthu akulirira mwana wake amene anamuika m'mbali mwa njira popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo mwina aka n'koyamba kuti wina amufunse dzina la mwanayo. Musathamangire kunena kuti "musalire agogo." Khalani nawo, apatseni madzi, kenaka funsani kuti tipitirize kapena tilekeze. Iwo ndi amene asankhe. Chizindikiro choti muleke nthawi yomweyo ndi china: maso angoti tong'o pamalo amodzi, akunjenjemera, akupuma mothamanga, kapena ayamba kuyankhula ngati zinthuzo zikuchitika pompano, "akubwera, bisani mwana." Zimitsani foni, atchuleni dzina mofatsa, auzeni kumene ali ndi amene ali nawo, apempheni aponde pansi ndi mapazi onse, atchule zinthu zimene akuona m'chipindamo. Tsikulo nkhani yatha.

Kucheza kumodzi kusapitirire ola. Kukhale kwa m'mawa kapena masana, osati madzulo, chifukwa zimene zatakasika zimawatsata kukagona. Mphindi 10 zomaliza zikhale za lero, za munda, za adzukulu. Pakhale munthu wogona nawo m'nyumba usiku umenewo, ndipo mawa lake wina akawaone. Ngati patha sabata ziwiri akulephera kugona, sakudya, akulota zoopsa usiku uliwonse kapena akunena zofuna kufa, apititseni kuchipatala. Kuno ku Lilongwe a St John of God amathandiza pa matenda a maganizo. Zonena za kufa musadikire nazo sabata ziwirizo.

M'nkhondo imeneyi amayi ndi atsikana ambiri anagwiriridwa, ena anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, anyamata aang'ono anakakamizidwa kugwira mfuti. M'mabanja ena muli mwana amene bambo ake satchulidwa. Mdzukulu wamwamuna asafunse gogo wamkazi zimenezi, ndipo ngakhale wamkazi asaziyambitse. Zikatuluka zokha, imitsani kujambula mufunse: izi zisungidwe kapena zifufutidwe, ndipo amene angamve ndani? Ena amati "mudzawauze ine nditapita." Lembani mawu amenewo, gawolo likhale fayilo yakeyake, ndipo musunge pangano. Munthu wachitatu, makamaka mkamwini kapena mpongozi, asakhale m'chipindamo, pamaso pa apongozi gogo sangamasuke.

Kwa ife a chikamwini, nkhani ya mbumba ili ndi mwini wake. Dziwitsani amalume, eni mbumba, musanayambe, apo ayi buku lidzatuluka n'kudzetsa mkangano pamaliro. Ndipo pa Facebook musaikepo dzina lonse, nkhope ndi mudzi wa gogo popanda iwo kumvetsa bwino tanthauzo lake. Ena mwa anthuwa akhala moyo wawo wonse ngati Amalawi, ana awo anabadwira kuno, ndipo amaopa kufunsidwa za unzika. Akatchula dzina la munthu amene anapereka anzake kwa asilikali, dzinalo likhale m'kope la banja lokha. Ana a munthuyo alipo, mwina mudzi woyandikana, ndipo iwo sanalakwe kanthu.

Wofunsayo nayenso amanyamula katundu. Asachite maulendo awiri tsiku limodzi, ndipo akhale ndi wamkulu woti akambe naye akabwerako.

Aphunzitsi Phiri, Chinsapo

Ndikusiyana pang'ono ndi a Mbewe. Inde, funsani za anthu, koma nkhani yopanda zaka imasanduka nthano pakangopita mibadwo iwiri. Gogo sadzakuuzani chaka, choncho mufunse mokhudzana ndi zinthu zimene tsiku lake likudziwika. Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo nkhondo yapachiweniweni inayamba cha mu 1977. Pulezidenti wa Mozambique Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ku South Africa, pa 19 Okutobala 1986, ndipo palibe wamkulu wa tsidya lija amene sakumbukira kumene anali atamva. Chaka chomwecho ndi chimene anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi mu Meyi 1989. Chilala chachikulu chinali mu 1992, ndipo pa 4 Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasaina mtendere ku Rome. Riferendamu yathu inali pa 14 Juni 1993, chisankho cha ku Mozambique mu Okutobala 1994, ndipo ambiri anabwerera kwawo m'zaka zimenezo. Mukafunsa kuti "Samora akufa munali mutawoloka kale?" ndi "Papa akubwera mwana uyu anali akuyenda?", mwapeza chaka. Mwezi mudzaupeza ndi kumunda: chimanga chinali chofika m'mawondo, chinali ndi ngaiyaye, kapena munali mutakolola?

Dziwaninso kukula kwake. Othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Koma sanakhale mofanana. Ku Nsanje kunali makampu akuluakulu ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu, pamene ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anangolowa m'midzi ya abale awo, chifukwa Angoni ndi Achewa a mbali ziwirizi ndi amodzi, ndipo m'malo ena malire ndi msewu wa M1 wokha. Mukafunsa gogo wa ku Angonia kuti "munali kampu iti," akhoza kuyankha kuti palibe, inu n'kuganiza kuti sanali wothawa. Funsani kuti anafikira kwa ndani, mfumu iti inawapatsa malo, ndipo ufa ndi nyemba ankalandirira kuti.

Akanena za matenda a khungu lothetheka pakhosi ndi m'manja pamodzi ndi kutsegula m'mimba, imeneyo ndi pellagra, imene inavuta mu 1989 ndi 1990 makamaka m'makampu a kumwera, mtedza utasowa pa chakudya cholandira anthu n'kumadalira chimanga chokha. Akati "matsanga" akunena Renamo, dzinalo linachokera kwa mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa. Akati "ku Vila" kawirikawiri ndi ku Ulongwe, kumene Apwitikizi ankakutcha Vila Coutinho. Maina a malo alembeni mmene gogo akuwatchulira, kenaka m'munsi muike a pamapu.

Koma pamaso pa gogo musakonze chilichonse. Akati zinachitika chaka cha Papa pamene inu mukudziwa kuti sizikugwirizana, lembani pakope lanu. Mukangowatsutsa kamodzi, ayamba kukayika zonse ndipo ayankha mwachidule.

Nachisale, Area 25

Zikomo kwambiri nonse, tapindula. Pali ziwiri zotsala. Agogo awiri apachibale akusiyana pa mmene mchimwene wawo anasowera, wina akuti anagwidwa kumunda, wina akuti anatsalira dala kuti asamale mayi awo odwala. Tilembe ziti? Ndipo kodi pali njira yofufuzira munthu woteroyo panopa?

Bambo Mbewe, Kawale

Mayi, lembani zonse ziwiri, chilichonse pansi pa dzina la mwini wake, ndipo musawakhazike pamodzi kuti agwirizane chimodzi. Mukatero wamkulu adzapambana, wamng'ono adzangovomera, ndipo mudzataya umboni umodzi. Yang'anani zaka zawo panthawiyo ndi kumene aliyense anali tsikulo. Nthawi zambiri wina anaona ndi maso, wina anauzidwa, ndipo mwana wamng'ono ankauzidwa zofewa kuti asiye kulira panjira. Funsani aliyense payekha kuti "anakuuzani ndani?" Yankho lake likhoza kukuonetsani mayi kapena azakhali amene anasenza choonadi okha kuti ateteze mwana, ndipo zimenezo n'zoyenera kulowa m'bukumo.

Pa kufufuza, pitani ku Malawi Red Cross Society mukafunse za ntchito yolumikizanitsa mabanja. Ndi yaulere, ndipo amagwira ndi anzawo a m'maiko ena. Mutenge dzina lonse la wosowayo ndi maina ena onse amene ankadziwika nawo, la ubatizo ndi lachipwitikizi lomwe, maina a makolo ake, mudzi ndi mfumu, chaka chobadwa ngakhale chongoyerekeza, malo ndi nthawi imene anaonekera komaliza, ndi chithunzi ngati chilipo. Njira ina ndi ya mpingo ndi mafumu. Ngati banjalo linali la Katolika, pemphani abambo mfumu a parishi yanu alembe kalata ku parishi ya kwawo, monga ku Lifidzi ku Angonia, kufunsa m'mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro, ngakhale ena mwa mabukuwo anawonongeka pa nkhondo. Anthu a m'misika ya m'malire ngati Lizulu amawoloka tsiku lililonse ndipo uthenga wopita kwa nyakwawa umafika. Koma agogowo musawalonjeze kanthu. Papita zaka zambiri, ndipo yankho likhoza kukhala manda kapena kusowa yankho. Afunseni kaye ngati akufuna kudziwa, chifukwa ena safuna.

Polemba, ola limodzi la mawu limatenga maola 5 kapena 6 kulemba liwu ndi liwu, choncho gawanani ntchito. Musakonze Chichewa chawo kuti chikhale cha m'kalasi. Mawu achingoni ndi achipwitikizi asiyeni mmene alili, kubwereza kwawo kusiyeninso, pamene anakhala chete lembani kuti anakhala chete. Musanasindikize, bwererani mukawawerengere mokweza tsamba lililonse, pensulo ili m'manja, ndipo chimene akana chichoke. Sindikizani makope osachepera atatu: la gogo, la eni mbumba, ndi lina lopita kwa abale a tsidya lija. Patsamba loyamba ikani mndandanda wa mbumba uja, maina a timadontho aja alembedwe mokwanira, ndipo pambali pa dzina la mchimwene wawoyo musiye mzere wopanda kanthu woti mudzalembepo ngati uthenga wabwera.